Usanadzaze Fomu Ija, Mphwanga

Mphwanga, mayi ako andiuza kuti mtima wako wakhazikika pa zopita kunja kukagwira ntchito yongodzipereka ukangomaliza digiri yako ku Nguludi. Iwo ali ndi nkhawa, ndipo andipempha kuti ndikubweze. Ine sindikubweza. Maganizo akowo ndi abwino, ndipo ndikufuna upitedi. Koma zaka zimene ndagwira ntchito m'mabungwe, kulandira mavolontiya ochokera kutali ndi kuwerenga makalata a achinyamata athu ofuna kupita, zandionetsa kuti ambiri ulendo wawo umathera m'njira asanaone n'komwe bwalo la ndege la Chileka. Si kuti nzeru zimawachepera. Amayambira kolakwika.

Yamba wadzifunsa wekha, anzako atagona: kodi ndikufuna kukathandiza, kapena ndikungofuna kuchoka? Usachite manyazi ndi yankho lake. Ndikudziwa mmene zinthu zilili. Kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zinthu sinabwererenso pansi, ndipo anzako ena amene anavala gauni zaka ziwiri zapitazo lero akupalasa kabaza ku Limbe. Kufuna kuchoka si tchimo. Koma kusaka ntchito ya malipiro kunja ndi kupita kukadzipereka ndi njira ziwiri zosiyana. Wolowa njira yachiwiriyi mtima uli ku ndalama amakhumudwa mwezi woyamba womwewo, amayamba kuzemba ntchito kukasaka maganyu, ndipo pamapeto pake amawononga dzina lake ndi la bungwe limene linamutuma. Ngati chimene ukufuna ndi malipiro, undiuze, tikambirane nkhani ina. Ngati ndi kudzipereka, mvera.

Dziwa kaye makomo amene angakutsegukire, chifukwa ambiri amagogoda pa khomo losakhala lawo. Anyamata ndi atsikana a Peace Corps amene timawaona m'masukulu ndi m'zipatala kuyambira 1963 ndi nzika za America, ndipo bungwe limenelo sililemba munthu wa dziko lina ngati volontiya. Chimodzimodzinso a ku Japan amene anayamba kubwera mu 1971. A VSO amatenga anthu a m'mayiko osiyanasiyana, koma kawirikawiri amafuna munthu amene wagwira kale ntchito yake kwa zaka zingapo, mphunzitsi, namwino kapena mlangizi wokhwima. Makomo ako ndi ena. Pali UN Volunteers, nthambi ya United Nations imene inakhazikitsidwa mu 1970 ndipo likulu lake lili ku Bonn. Munthu amalembetsa yekha pa tsamba lawo la pa intaneti, ndipo ali ndi malo a m'dziko mwako momwe, a kunja, ndi ena ogwirira ntchito pa kompyuta uli kwanu. Pali African Union Youth Volunteer Corps, imene inayambitsidwa ku Abuja mu Disembala 2010. Iyi imatenga achinyamata a zaka 18 mpaka 35 n'kuwatumiza kwa miyezi 12 m'dziko lina la mu Africa. Pali CorpsAfrica, imene anayambitsa Liz Fanning mu 2011. Iyi imayamba yakutumiza kumudzi wa m'dziko lako lomwe, ndipo ena mwa amene atumikira bwino ndi amene amapatsidwa mwayi wokatumikira dziko lina. Ku Ulaya kuli Norec ya ku Norway, ndi weltwärts ya ku Germany imene kuyambira 2013 imalandiranso achinyamata ochokera kuno kummwera. Ziwiri zomalizazi sizitenga munthu wongotulukira. Zimadzera m'mabungwe amene ali nazo pa ubale, ndiye kuti bungwe la kuno liyenera kukudziwa kaye kuti likutchule dzina.

Malamulo a zaka ndi masiku otsekera amasinthasintha, choncho uziwerenga wekha pa masamba awo enieni, osati pa uthenga wongotumizirana pa WhatsApp. Koma waona chimene chikufanana m'makomo onsewa? Onse akufunsa funso limodzi: kwanuko wachitako chiyani? A African Union amachita kulemba poyera kuti amafuna umboni woti munthu anadziperekapo kale. Apa ndiye pagona nkhani yonse, ndipo ndikhalitsapo.

Ndakhalapo m'komiti yosankha achinyamata pa bungwe lina. Makalata amabwera mulu, ndipo ukawerenga khumi oyamba ndiye kuti wawerenga onse. Aliyense amakonda anthu kuyambira ali mwana. Aliyense ndi wolimbikira, womvera, wofunitsitsa kusintha dziko. Mawu okoma, Chingerezi chosalala, koma mkati mulibe kanthu kogwirika. Munthu wogula ng'ombe ya mkaka ku Thumbwe safunsa ngati ng'ombeyo ili ndi mtima wabwino, amafunsa kuti imatulutsa malita angati pa tsiku ndipo angachitire umboni ndani. Osankha mavolontiya nawonso amatero.

Mtsikana wina amene sindimuiwala anabwera ku intavyu ndi kope lachikuto cholimba, lakuda ndi manja, m'mbali mwake mutapindika. Atafunsidwa zimene anachitapo, sanalankhule zambiri. Anatsegula kopelo. Munali masiku onse amene anathandiza alangizi a zaumoyo pa sikelo ya ana pansi pa mtengo wa mango kwawo: ana amene anayezedwa, amene sikelo yawo inatsika, amayi amene anawatsatira kunyumba atajomba miyezi iwiri, ndi siginecha ya mlangizi pansi pa tsamba lililonse. Tsamba lina analembapo kuti amayi a mbali ina ya mtsinje sabwera nthawi ya dzinja chifukwa chosowa powolokera, ndipo iye ndi mlangizi anagwirizana kuti mwezi wa Januwale ndi Febuluwale sikelo iziwoloka yokha kuwatsata. Magiredi ake sanali opambana a anzake. Komiti yonse inamusankha popanda kukangana.

Iwe uli ndi mwayi umene mwana wa ku Area 47 alibe. Uli m'boma la Chiradzulu, limene ntchito ili pakhomo. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 350,000 m'boma laling'ono ngati lathuli, minda ndi yochepa, ndipo zosowa n'zambiri. Pali sukulu za mkombaphala zimene azimayi akuphunzitsa ana popanda malipiro, ndipo alibe wowalembera kaundula. Pali sukulu za kwacha. Pali magulu a banki mkhonde amene amakangana chaka chilichonse pogawana ndalama chifukwa chosowa wodziwa kusunga mabuku. Pali magulu a alimi a mkaka, makalabu a achinyamata, a Red Cross, makomiti oteteza ana kwa T/A Likoswe, Kadewere, Mpama, Nkalo ndi kwina konse. Pali ana a Fomu 4 m'masekondale oyendera amene sanaonepo munthu wowafotokozera masamu modekha. Sankha chimodzi, osati zisanu. Ukhale nacho chaka chathunthu, mvula ndi dzuwa, pa tchuthi ndi Loweruka lililonse limene ungathe. Munthu amene wakhala pa ntchito imodzi chaka chonse amaposa amene ali ndi masatifiketi khumi a misonkhano ya tsiku limodzi ya ku hotela, chifukwa osankha amadziwa kuti ku misonkhano yotere ambiri timapitira alawansi ndi chakudya chamasana.

Namondwe wa Freddy atagumula phiri n'kukwirira mudzi wa Mtauchira mu Malichi 2023, amene anayamba kufukula matope ndi makasu sanali a mabungwe akunja. Anali anthu a midzi yoyandikana nawo, achinyamata a m'mipingo ndi m'mizikiti, aphunzitsi amene makalasi awo anasanduka misasa. Ngati unanyamulako madzi kapena kulemba mayina a anthu pa msasa masiku amenewo, usaziyese zazing'ono. Zimenezo n'zimene mabungwe aakulu amazitcha luso lothandiza pa ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndipo amasaka anthu oti anaziona ndi maso. Lemba zimene unachita, liti, kuti, pansi pa ndani. Ndipo kulikonse kumene wathandiza, usachoke wopanda kalata. Pempha mkulu wa pamalopo akulembere pa pepala la bungwe, asayine, adinde chidindo, aikepo nambala ya foni imene imagwira. Ngakhale kalata ya a gulupu yokhala ndi chidindo ili ndi ntchito. Uzichita zimenezi nthawi yomweyo, chifukwa anthu amasamutsidwa, ndipo pakatha zaka ziwiri amene anakuona ukugwira ntchito udzapeza ali ku Chitipa.

Pambali pa mtima, pita ndi luso m'manja. Dziko limene ukupitako lili ndi achinyamata ake amene nawonso akusowa ntchito, ndiye payenera kukhala chifukwa chokutengera iwe wochokera kutali. Phunzira kulemba lipoti lalifupi lomveka. Phunzira Excel mpaka uzitha kusanja mayina chikwi ndi kupanga bajeti osaitana munthu. Phunzira kusonkhanitsa mayankho a kafukufuku pa foni. Ndipo yamba chiyankhulo china. Chingerezi chokha chimakutsekera theka la Africa. Chifalansa chimatsegula mayiko a kuzambwe ndi pakati, Chiswahili chimatsegula kuvuma, ndipo Chipwitikizi chili pafupi nafe kwambiri, kungodutsa Mulanje n'kuwoloka pa Muloza wafika ku Milange. Mphindi makumi atatu tsiku lililonse kwa chaka zikufikitsa poti ungalembe pa fomu kuti ukuchidziwako pang'ono, ndipo ukhala ukunena zoona.

Pa kalata yofunsira ndinene zitatu zokha. Usaname, ngakhale pang'ono, chifukwa amaimbadi mafoni, ndipo bodza limodzi limafafaniza zoona zonse zimene walemba. Usapemphe chifundo. Ndaona makalata ambiri ofotokoza za umasiye, za fizi, za njala ya kumudzi. Zonsezo zingakhale zoona, koma iwo sakusaka womuthandiza, akusaka wowathandiza. Ndipo ulembe wekha. Masiku ano kompyuta ikutha kukulembera kalata yonse m'kamphindi, ndipo owerenga aizolowera kale fungo lake. Kalata ya mawu ako, yotchula Namitambo, yotchula chiwerengero cha ana amene unawaphunzitsa ndi chimene chinakukanika, imakhala ndi moyo. Ukamaliza upatse mphunzitsi wako akonze galamala, koma asakusinthire nkhani. Amene ukuwalemba ngati okuchitira umboni uwapemphe kaye, uwapatse CV yako, uwauze malo amene ukufunsira. Munthu woimbiridwa foni modzidzimutsa amayankha mozizira, ndipo kuzizira kumeneko kumamveka mpaka ku Addis Ababa.

Intavyu zambiri tsopano zimachitika pa intaneti. Usadalire netiweki ya kumudzi kapena magetsi a tsiku limenelo. Pita malo amene wawayesa kale dzulo lake, foni ndi laputopu zitadzaza moto, bandulo ili yokwanira, ndipo uonetsetse kusiyana kwa nthawi pakati pa kuno ndi kumeneko. Akakufunsa chinthu chimene suchidziwa, nena kuti suchidziwa ndipo ufotokoze mmene ungachifufuzire. Akakukana, funsiranso. Malo amakhala ochepa, ofuna ndi a Africa yense, ndipo ambiri amene anapita sanatengedwe ulendo woyamba.

Mapepala uyambe lero. Pasipoti si chinthu choyamba kuthamangira utalandira kale kalata yokuitana. Kumayambiriro kwa 2024 kusindikiza mapasipoti kunaima kwa masabata angapo makina atasokonezedwa, ndipo anthu amene anali ndi maulendo m'manja anangokhala. Mayiko ambiri amafuna pasipoti yotsala ndi miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo isanathe. Onetsetsa kuti dzina lako lalembedwa chimodzimodzi pa chiphaso cha unzika, pa satifiketi ya MSCE, pa digiri ndi pa pasipoti. Kwathu kuno munthu mmodzi amakhala ndi dzina la ubatizo, la agogo ndi la bambo, ndipo chilembo chimodzi chosiyana chimatha kuimitsa viza. Udzafunikanso kalata ya kupolisi yosonyeza kuti ulibe mlandu, imene amatenga zidindo za zala, kalata ya dokotala, ndi kakhadi kachikasu ka katemera ngati dziko limene ukupitako kapena kudutsamo likufuna. Zonsezi uzichita wekha pa windo loyenera, ulandire lisiti. Madobadoba oima panja pa maofesi uwapatse moni n'kudutsa.

Tsopano ndifike pa chimene chikuwasowetsa tulo mayi ako, ndipo pamenepa ali ndi chifukwa. Bungwe loona la mavolontiya ngati UN Volunteers kapena African Union silikulipiritsa kuti ulembetse. Munthu akakuuza kuti utumize ndalama pa foni kuti akusungire malo, kuti akufulumizitsire viza, kapena kuti dzina lako likwere pamwamba, ameneyo ndi wakuba, kaya wavala suti kaya watchula dzina la Mulungu. Ndaona banja lina litagulitsa ng'ombe ndi kutenga katapila chifukwa cha kalata yokhala ndi chizindikiro cha United Nations chokopera pa intaneti. Foni ya munthu amene anawanamizayo inazima tsiku limene ndalama yomaliza inalowa, ndipo katapilayo anawatsalira m'khosi.

Kuberedwa ndalama n'kochepa poyerekeza ndi zina. Mu 2024 atolankhani a BBC Africa Eye anaonetsa za amayi a ku Malawi amene anakopedwa ndi malonjezo a ntchito ku Oman. Atafika analandidwa mapasipoti, anagwiritsidwa ntchito za m'nyumba usana ndi usiku, ena anamenyedwa ndi kugwiriridwa, ndipo panafunika khama la anthu ambiri kuti oposa 50 abwerere kwawo. Chaka chomwecho a Associated Press analemba za atsikana a mu Africa a zaka 18 mpaka 22 amene anaitanidwa kudzera pa masamba a mchezo kuti akaphunzire uku akugwira ntchito ku Alabuga, m'dziko la Russia, koma anakapezeka ali m'fakitale yopanga ndege zankhondo zopanda woyendetsa. Zolengeza zoterezi zimabwera zitavala bwino, zili ndi zithunzi za achinyamata akumwetulira, ndipo zina zimagwiritsa ntchito mawu omwewo a kudzipereka ndi kusinthana chikhalidwe. Dziko lathu lili ndi lamulo la 2015 loletsa kuzembetsa anthu, koma lamulolo silingakufikire msanga uli m'nyumba yokhoma kutsidya kwa nyanja. Uwauze zimenezi alongo ako ndi atsikana a m'kalasi mwako, chifukwa amene akusakidwa kwambiri ndi iwo.

Safunsa anadya phula. Usanavomere chilichonse, funsa ndipo ayankhe polemba. Bungweli lili ndi ofesi kuti, ndipo ndani kuno amalidziwa? Ndikagwira ntchito yanji, maola angati, pansi pa ndani? Ndikagona kuti? Tikiti yopita ndi yobwerera alipira ndani? Ndikadwala inshulansi ilipo? Viza yanga ndi ya mtundu wanji? Viza ya mlendo wokaona malo si yogwirira ntchito, ndipo wokuuza kuti mukakonza mukafika akukuika m'manja mwa apolisi a dziko la eni. Pempha akulumikize ndi Mmalawi amene anapitako n'kubwerera, ulankhule naye wekha. Pasipoti yako isachoke m'manja mwako kupita kwa bwana aliyense. Siya makope a mapepala onse kwa mayi ako ndi kwa ine, ndipo ukafika udziwitse ofesi ya kazembe wa Malawi imene imayang'anira dzikolo.

Za ndalama tikambe poyera banja lonse lilipo, usananyamuke. Volontiya salandira salale. Amalandira alawansi yoti adye, agone, akwere basi. Ukaisintha m'makwacha imaoneka yambiri, koma umaidyera kumene buledi ndi lendi zili pa mtengo wa kumeneko. Kwathu kuno munthu akangokwera ndege ndiye kuti walemera, ndipo mauthenga amayamba sabata yoyamba: feteleza, fizi, malata, maliro. Ndaona achinyamata akudya kamodzi pa tsiku m'dziko lozizira kuti atumize kangachepe, kuopa kutchedwa odzikonda. Ena mpaka anathawa pa malo awo kukasaka ganyu. Taona zimene zinachitika ku Israel, ngakhale kuti kumeneko kunali kukagwira ntchito ya malipiro. Gulu loyamba la achinyamata 221 linanyamuka mu Novembala 2023 kukalima m'minda, ndipo mu Meyi 2024 anthu 12 anabwezedwa kuno atachoka m'mindamo kukagwira ntchito zina zosagwirizana ndi viza zawo. Ine monga malume ako ndidzaimirira pamaso pa abale kunena kuti chaka chimenecho asayembekezere kanthu kwa iwe. Mbali yako ndi yakuti usalonjeze munthu chilichonse.

Ukafika kumeneko udzakhala mlendo, ndipo ife a ku Chiradzulu tili ndi mwayi woti alendo odzathandiza tawaona a mitundu yonse. Mu 1902 kunabwera Emma DeLaney, mayi wachikuda wa ku America wophunzira za unamwino, kudzathandiza John Chilembwe ku Mbombwe. Sanabwere kudzalamula. Anapeza mishoni ili ndi mwini wake, iye n'kugwira mbali yake yophunzitsa amayi ndi atsikana. Anakhala zaka zochepa chabe, koma mnyamata mmodzi amene anamuphunzitsa, Daniel Malekebu, anamutsatira ku America n'kukhala dokotala. M'masiku athu ano, a Médecins Sans Frontières anayamba kupereka ma ARV aulere pa chipatala cha boma lino mu 2001, nthawi imene maliro anali tsiku ndi tsiku ndipo ambiri ankati mankhwala amenewa sangatheke kumudzi. Chimene chinapulumutsa anthu ochuluka si madokotala achizungu okha ayi. Ntchito inakula pamene inaperekedwa m'manja mwa anamwino, madokotala aang'ono, alangizi ndi odwala eni ake, n'kufalikira m'zipatala zing'onozing'ono za m'midzi. Mlendo wabwino amagwira ntchito mokonzekera tsiku limene adzachoke.

Taonanso ena. Amafika Lolemba, Lachitatu ayamba kale kutiuza zimene timalakwitsa. Amanyamula mwana wa eni wamamina, kujambulitsa, kuika pa Facebook osapempha mayi ake. Amayambitsa chinthu chimene palibe anachipempha, ndipo akachoka chimafa mwezi womwewo. Ukudziwa mmene zimawawira kuonedwa ngati chithunzi cha umphawi. Usakachitire anthu ena zomwezo. Miyezi yoyamba tseka pakamwa, tsegula makutu. Phunzira moni wawo, dziwa amene amalemekezedwa pamalopo, idya chimene akupatsa. Funsa chifukwa chimene amachitira zinthu mmene amachitiramo usananene kuti kwathu timatere. Ndipo lamulo loteteza ana ndi anthu ovutika ulisunge ngati moyo wako: usakhale wekha ndi mwana wa eni m'chipinda, usachite chibwenzi ndi munthu amene ukumuthandiza, usagwire ndalama za polojekiti popanda lisiti. Zimenezi zimabweza munthu pa ndege ya mawa lake, ndipo dzina lake sililembedwanso kwina kulikonse.

Kusungulumwa kudzakupeza, usadzinamize. Kudzafika madzulo ena pamene udzatsegula chitseko cha chipinda chako, mdima utagwa kale nthawi ya 4 koloko ngati uli ku Ulaya m'nyengo yozizira, palibe wokufunsa kuti waswera bwanji, ndipo pakhosi pako padzalakalaka nsima ya mgaiwa ndi chigwada. Kwina udzakumana ndi anthu okuyang'ana khungu asanamve dzina lako, ndipo zimenezi zimachitika ngakhale mu Africa momwe muno. Usadzitsekere, usathawire ku mowa. Peza mpingo, peza bwalo la mpira, peza mnzako mmodzi wa komweko. Zikakulemera kwambiri uuze amene akukuyang'anira, chifukwa mabungwe oona amakhala ndi anthu a ntchito imeneyo. Kunena kuti zandivuta si kulephera.

Ndipo ubwere. Agogo ako angakuwerengere mayina a amuna a m'mudzi mwathu amene anapita ku Joni ndi ku Salisbury n'kusanduka matchona, akazi awo n'kukalamba akuyang'ana kunjira. Masiku ano utchona wina umayamba ndi viza yotha. Munthu wamaliza chaka chake, anzake amunyengerera kuti atsalire, ndipo amakhala zaka akubisala, osatha kubwera ngakhale pa maliro a mayi ake. Amatsekeranso khomo Amalawi onse obwera pambuyo pake, chifukwa bungwe limene lathawidwa kamodzi silifunanso kutenga wa dziko limenelo. Ngati udzafune kubwererako kukaphunzira kapena kukagwira ntchito, bwera kaye, ufunsire mwa njira yake. Chaka chimene watumikira bwino chidzakulankhulira.

Boma lathu lino linadziwika chifukwa cha anthu amene anapita n'kubwerera. Chilembwe ananyamuka ndi Joseph Booth mu 1897, anakaphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, ndipo mu 1900 anali atabwera kale kudzayambitsa Providence Industrial Mission (PIM). Malekebu anamaliza udokotala ku Meharry Medical College mu 1917. Akanatha kukhala ku America. Atayesa kubwera mu 1921, boma la atsamunda linamukaniza kulowa m'dziko lake lomwe, ndipo anakatumikira ku Liberia akudikira. Mu 1926 analoledwa, n'kudzatsegulanso PIM imene inagwetsedwa pambuyo pa nkhondo ya Chilembwe ya 1915, iye ndi mkazi wake Flora. Sukulu, tchalitchi ndi chipatala zimene umaziona ukamadutsa pa PIM zilipo chifukwa munthu ameneyo sanatope kugogoda pa khomo la kwawo. Sindikunena kuti iwe udzamange mishoni. Ndikunena kuti usananyamuke udziwe chimene ukukatenga ndi kumene udzachitule. Ngati ukupita kukagwira ntchito ndi ana olumala, udziwiretu sukulu kapena gulu la kuno limene lidzapindule ukabwera, ndipo uzilemberana nalo uli komweko. Ukabwera usayembekezere kuti ntchito ikudikira pa Chileka. Ena amakhala miyezi akusaka, ndipo chimawathandiza ndi anthu amene anawasiya akuwadziwa kuno.

Uli ndi chaka chimodzi usanamalize sukulu, ndipo n'chokwanira ngati uyamba tsopano. Mayeso a semesita ino akatha usathamangire kwa anzako ku Blantyre. Gula kope lachikuto cholimba, upite pa chipatala chaching'ono cha kwathu, ukafunse alangizi a zaumoyo tsiku la sikelo ya mwezi uno, uwauze kuti ukufuna kuthandiza popanda malipiro. Tsikulo ukafike m'mamawa iwo asanafike.